Nyimbo munapeka ndinu, ndalama akulandira pulodyusa: lamulo likuti bwanji?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mawu ndi chuni cha nyimboyo munapeka nokha, pulodyusa anaikamo biti yomwe anaipanga ndi pulogalamu ya AI (ya pakompyuta yotha kupanga zinthu yokha ikauzidwa), kenako anaitumiza ku Spotify ndi YouTube m'dzina lake. Pano kanema wanu wagwidwa ndi Content ID, njira ya YouTube yozindikira nyimbo zomwe wina analembetsa kuti ndi zake, ndipo ndalama zikupita kwa iyeyo. Simunasainirane pepala lililonse.

Musataye mtima, muli ndi maziko odandaulira. Nyimbo imodzi imakhala ndi umwini pawiri: wa chopekacho, ndiye kuti mawu ndi chuni, komanso wa chojambulidwa mu situdiyo. Woyambawo ndi wanu. Pangano la Berne la 1886 loteteza ntchito za opeka, lomwe mayiko oposa 180 analowamo, silifuna kuti mulembetse kaye penapake kuti mukhale mwini, ndipo chitetezocho chimafika zaka zosachepera 50 wopeka atamwalira. M'mayiko ambiri umwini umenewu susamuka ndi mawu apakamwa, umafuna chikalata chosainidwa. Ndiye kusowa kwa pepala kukupweteka kwambiri pulodyusayo kusiyana ndi inu.

Umwini wachiwiri ndi umene udzakhale ndi mkangano. Malamulo ambiri amaupereka kwa amene anakonza ndi kulipira ntchito yojambulayo. Ngati situdiyo munalipira ndinu, sungani umboni wake ngati diso lanu.

Pa za AI, mayiko sanagwirizane chimodzi. Ku America, pa mlandu wa Stephen Thaler, khoti linagamula mu 2023 kuti chinthu chopangidwa ndi makina okha, popanda luso la munthu, sichitetezedwa, ndipo khoti la apilo linavomereza mu 2025. Ku Britain lamulo la 1988 limati mwini ndi munthu amene anakonza zonse kuti kompyutayo itulutse ntchitoyo. Choncho funso ndi lakuti pulodyusa anachitapo chiyani ndi manja ake. Ngati anangolemba mawu ochepa makina n'kutulutsa biti, zonena zake n'zofooka. Ngati anasintha, kuwonjezera zoimbira ndi kusanja mwaluso, gawo ali nalo, ndipo ine sindingakulangizeni kumukana. Koma kukhala ndi gawo sikupatsa munthu mphamvu yofufuta dzina la mnzake. Zimandiwawa kuona oimba achitsikana akungosiya nkhani zotere poopa kuti satchukanso akakangana ndi mwini situdiyo.

Musanayankhule ndi pulodyusayo, sonkhanitsani umboni: mawu omwe munadzijambula pafoni mukupeka, mauthenga a pa WhatsApp, malisiti, komanso mayina a anthu amene analipo pojambula. Musafufute kapena kusintha chilichonse, chifukwa madeti ake ndiwo adzakuyankhulireni.

Mukatero tsutsani zimene yachita Content ID pa YouTube pomwepo. Amene akuti nyimboyo ndi yake, pano pulodyusayo, amapatsidwa masiku 30 kuti ayankhe, ndipo ndalama zimasungidwa podikira kuti nkhani ithe. Dziwani kuti YouTube si khoti, sigamula kuti mwini ndani. Lembani zoona zokhazokha. Mukanena kuti zonse ndi zanu pomwe biti si yanu, mawu omwewo adzakutembenukirani. Lemberaninso kampani yomwe anadzera potumiza nyimboyo ku Spotify, ndipo lembetsani chopeka chanu ku bungwe lotolera ndalama za oimba m'dziko lanu.

Kenako loya amulembere pulodyusayo kalata yomuuza kuti abwezeretse dzina lanu, aonetse ndalama zonse zomwe walandira, ndipo mukhale pansi mugawane magawo polemba. Nkhani zambiri zimathera pamenepa kapena kwa mkhalapakati, ndipo n'zotsika mtengo. Akakana, khoti likhoza kuika chiletso, kulamula chipukuta misozi kapena kuti abweze phindu lomwe wapeza. Osazengereza, milandu yotere ili ndi malire a nthawi. Ku America ndi zaka 3.

Tikakumana mubwere ndi foni yomwe munajambulira nyimboyo koyamba, ndiponso mufunse dzina la pulogalamu ya AI yomwe anagwiritsa ntchito. Ena mwa mapulogalamuwa salola kugulitsa biti ngati munthu sanalipire, ndipo zimenezo zingasinthe mlandu wonse.