Aise, timu ngati yakoyo inandiliza pa boma

Aise, ndangoona mayina a ma Pokémon omwe wayika mugulu muno ngati timu yako yomenyera gemu, m'mimba mwanga mwachita kuti bwuu. Charizard, Dragonite, Garchomp, Salamence, Gengar, Lucario. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Atatu mwa iwo, Dragonite, Garchomp ndi Salamence, muvu ya Ice imawapweteka kanayi, ndiye Weavile mmodzi, Pokémon wa Ice, angowadutsa ngati akuthyola chimanga cha mwini atapita kumaliro. Munthu akangomwaza Stealth Rock, miyala yomwe imadula moyo wa Pokémon wolowa m'bwalo, Charizard polowa theka la moyo lapita, Dragonite ndi Salamence kota kota, ndipo pa onsewo palibe wosesa miyalayo. Izi sindinawerenge penapake. Zinandichitikira anthu akuonerera, ndipo akale mugulu muno akudziwa tsiku lomwe ndikunena.

Unali mwezi womwe tinali titangogulitsa soya, aliyense ali ndi kangachepe m'thumba. Tinagwirizana anyamata asanu ndi atatu kuti tikumane Loweruka pa Mchinji boma, kuseri kwa kashopu kotchajitsa mafoni komwe kali ndi sola, aliyense asonkhe K3,000, wopambana atenge zonse. Tinkasewera pa Showdown, webusaiti yomenyanitsira ma Pokémon, malamulo a Gen 9 OU omenyana mmodzi mmodzi, wogonja kamodzi watuluka. Ine ndinakonzeka milungu iwiri. Usiku uliwonse ndikabwera kudimba ndinkamenya magemu mpaka batire kufiira. Timu yanga inali Garchomp, Dragonite, Great Tusk, Charizard ndi ena awiri otchinga, ndipo inkayenda bwinobwino. Charizard anali atavala Heavy-Duty Boots, nsapato zomuteteza ku miyala, ali ndi Will-O-Wisp yowotcha mdani n'kumutsitsa mphamvu. Great Tusk anali ndi Rapid Spin yosesera miyala. Zinthu zinali m'malo mwake.

Lachinayi usiku mkulu wina, dzina sinditchula, ali muno ndipo akuwerenga izi, anandilembera kuinibokosi. Akuti mfana wanga tumiza timu yako ndikuwongolereko ma EV (mapointi omwe umagawira Pokémon wako), ndikuona ngati ukutaya mapointi pachabe. Munthu amene ndinkamupatsa ulemu, ndinkamutchula kuti achimwene, ndiye anandiphunzitsa ngakhale kulowa pa Showdown poyamba. Ine bulutu ndinapita pa Import/Export, kukopa zonse, mamuvu, ma aitemu, mitundu ya Tera (mtundu womwe Pokémon amasandulika pakati pa gemu), n'kumuponyera pa WhatsApp. Anayankha ndi voisi ya mphindi zinayi, mawu ozizira ngati abusa. Akuti Charizard wa nsapato alibe mano, mupatse Choice Specs (magalasi owonjezera mphamvu koma okukhomera pa muvu imodzi) ndi mamuvu anayi omenya okhaokha. Akuti Rapid Spin ikudya malo, anyamata a kuno samwaza miyala, ikapo Ice Spinner. Ndinathokoza. Ndinamutumizira mpaka mayunitsi a K500, eti kuthokoza!

Loweruka ndinanyamuka pa Kamwendo m'mamawa, minibasi yodzaza ndi matumba a mtedza, foni ndaikumbatira pachifuwa. Magemu awiri oyamba ndinapambana mosavuta, Charizard wa Specs ankawotcha zedi, mpaka ndinayamba kumuyamikira mkuluyo mumtima. Kenako fainolo, ine ndi iyeyo. Tinakhala pabenchi limodzi, misana yopatsana kuti wina asaone foni ya mnzake, anyamata atatizungulira, wometa wa pafupi wasiya kasitomala mutu uli theka kudzaonerera.

Timu yake itaoneka pa sikirini ndinaona Glimmora, Weavile, Gholdengo, Kingambit. Siinali timu yomwe anagwiritsa ntchito m'magemu ake awiri oyamba. Mtima unagunda koma ndinati zangochitika.

Ulendo woyamba ndatulutsa Garchomp, iye Glimmora. Ndinaseka ndithu, poti Earthquake imamumenya kanayi. Ndadina. Moyo wa Glimmora watsika mpaka kakamzere kamodzi, Focus Sash yamugwira. Pompo Toxic Debris yamwaza minga ya poizoni mbali yanga chifukwa ndamukhudza ndi muvu ya thupi, iye n'kuwonjezera Stealth Rock. Ulendo umodzi wokha, bwalo langa ladzaza miyala ndi minga. Munthu yemweyo wanena Lachinayi kuti kuno samwaza miyala!

Ndinamaliza Glimmora, walowa Weavile, ndathawitsa Garchomp n'kulowetsa Great Tusk, poizoni wamugwira polowa. Chala changa chinathamangira pakona pomwe Rapid Spin inkakhala masiku onse. Palibe. Pali Ice Spinner. Aise, ndinakhala ndikuyang'ana batani limenelo ngati mwina lisintha. Apo n'kuti netiweki yayamba zake zija, kagudumu kakungozungulira, ndipo mkuluyo mwakachetechete wayatsa taima. Anthu tili pabenchi limodzi, akumva ndikudandaula kuti foni yaima, iye akuyatsa wotchi kuti ndigonje ndi nthawi. Mnyamata wina wa cha kumalire, amene foni yake imangothawira netiweki ya ku Zambia, ndiye anandiyatsira hotspot ya pa foni ya mchemwali wake kuti gemu isafe.

Chiyembekezo changa chinali Dragonite. Walowa, miyala yamudya kota, ndiye kuti Multiscale, yomwe imachepetsa nkhonya ya mdani ndi theka, yapita, poti imagwira moyo ukakhala wodzaza basi. Ndinapezabe mpata wa Dragon Dance imodzi yowonjezera mphamvu ndi liwiro, anyamata ayamba kukuwa. Ndadina Tera Normal, ndadina Extreme Speed, ndikuti Weavile uja afe asanaponye Ice Shard. Mkuluyo sanaganize n'komwe, wasintha, walowetsa Gholdengo. Ameneyu ndi wa mtundu wa Ghost, muvu ya Normal siimukhudza. Ndati chabwino Earthquake ilipo. Ndikuwerenga bwino pa sikirini, Gholdengo akuyandama ndi Air Balloon, ndiye Earthquake siimukhudza. Dragonite wanga anali ndi Dragon Dance, Extreme Speed, Earthquake ndi Roost. Palibe ngakhale imodzi yoboola chibaluni chija. Pa OU mtundu wa Tera wa mnzako suwuona gemu isanayambe, mamuvu akenso suwaona. Iye ankadziwa zonse chifukwa zinali pa WhatsApp yake, ndinamupatsa ndekha ndi manja awiri. Tera yanga, yomwe umaigwiritsa ntchito kamodzi pa gemu yonse, inathera pamenepo ngati madzi othira pamchenga.

Ndinakakamirabe. Charizard analowa koyamba, theka lapita, koma anawotcha Gholdengo ndi Flamethrower. Walowa Pokémon wake wa madzi, ine ndakhomeredwa pa muvu imodzi chifukwa cha Specs, ndathawa. Tinamenyana mpaka tinatsala mmodzi mmodzi, iye Kingambit, ine Charizard yemweyo. Polowa kachiwiri miyala yamudyanso. Nambala imeneyo sindidzaiwala: 1/297. Moyo umodzi. Charizard wopanda ma EV mu HP amakhala ndi 297, miyala imadula 148, kawiri ndi 296, ndiye amatsala akupuma ndi ulusi. Kingambit amaopa moto, Focus Blast ndiye imamumenya kanayi ngakhale imalasa 70 pa 100 basi, ndipo Charizard amathamanga kumuposa kutali. Wometa uja akuti watha ameneyo, mfana wadya ndalama. Koma ine ndinali nditaona kale. Sucker Punch ya Kingambit imayamba ndiyo, ndipo imalephera pokhapokha ngati iwe sukumenya. Charizard wanga wakale akanapanga Will-O-Wisp, Sucker Punch n'kugwa pansi, Kingambit n'kupsa mphamvu yake n'kutsika ndi theka. Ndipo ndi nsapato zake akanalowa ndi moyo wonse. Koma uyu wa malangizo a achimwene anali ndi mabatani anayi, onse omenya. Kulikonse ndingadine ndafa. Ndinakhala mpaka taima itatsala pang'ono, ndinadina Flamethrower, Sucker Punch, basi.

Mkuluyo anatembenuka n'kundigwira phewa, akuti wasewera bwino mfana, ungofunika kuphunzira kumanga timu. Anatenga K24,000 yonse n'kupita pa chiwaya, anagula tchipisi ndi nyama, akundiitana kuti tiye udyeko. Ndalama yanga yomwe! Ndinakana. Ndinakwera minibasi ndili ndi njala, pofika pa Kamwendo ndinali nditafufuta nambala yake. Mpaka lero amati inali njira chabe, akuti kudziwa mdani ndi mbali ya gemu. Kudziwa mdani poonera magemu ake ndi nzeru, zimenezo sindikana. Koma kubwera ngati mphunzitsi, kumuvula mwana nsapato kenako n'kumumwazira minga panjira, umenewo ndi ufiti wa masana. Ndipo a adimini nkhaniyi munaimva, munangoika kankhope koseka.

Ndiye iwe, choyamba, usamvere munthu aliyense pa timu yako. Aliyense.

Komabe tamvera izi. Sunanene ngati ukumanga ya OU kapena ya VGC, ndipo n'zosiyana ngati bawo ndi draft. VGC ndi awiri awiri, umabwera ndi asanu ndi mmodzi n'kusankha anayi, levo 50, aitemu imodzi siibwerezedwa, ndipo kumeneko nkhani ndi Protect, Fake Out ndi Incineroar wa Intimidate amene umakumana naye paliponse. Miyala kumeneko sivuta kwenikweni chifukwa magemu ndi afupi. Ndikuyesa ukunena OU poti ndi yomwe timasewera muno, ambirife Switch tinangoiona pa YouTube.

Ngati ndi OU, sankha mmodzi yekha amene ukufuna kuti azimaliza gemu, ena asanuwo ndi antchito ake. Wako ndi Dragonite, mupatse nsapato kuti Multiscale ifike yamoyo, ndipo usamusiye wopanda chomenyera Gholdengo wa chibaluni ngati ndinachitira ine. Salamence achoke, akugwira ntchito yomweyo ndipo akufa ndi zomwezo. M'malo mwake ika Corviknight, ali ndi Defog yosesa miyala, Earthquake siimukhudza, Fairy amaipirira, ndipo U-turn imakulowetsera mnzake bwinobwino. Kapena Great Tusk wa Rapid Spin. Dziwa kuti Gholdengo amatseka zonse ziwiri, Rapid Spin siigwira pa Ghost ndipo mphamvu yake ya Good as Gold imakana Defog, ndiye pakhale wina womuopseza. Ukufunikanso wa madzi woti azilandira Ice, ine ndimakonda Rotom-Wash, amangoopa Grass yokha ndipo Volt Switch yake imakupulumutsa m'malo ambiri. Gengar wakoyo usamulowetse pa Earthquake poganiza kuti amayandama, Levitate anamulanda kuyambira pa Sun ndi Moon mu 2016, anyamata ambiri obwera kuchokera m'magemu akale a pa emuleta amagwa nazo. Ndipo iwenso mwaza miyala yako, Garchomp amaphunzira Stealth Rock. Yemweyo wandiliza ndi amene anandiphunzitsa kuti miyala ndi ulendo umodzi wokha koma imadya gemu yonse.

Za ma EV usazitenge ngati masamu a MSCE. Onse ndi 510, malo amodzi sapitirira 252, ndiye womenya umamupatsa 252 pa mphamvu, 252 pa liwiro, 4 mwa 6 otsalawo kwina. Chenjera ndi nature, khalidwe lomwe limakweza mbali imodzi ya Pokémon n'kutsitsa ina. Garchomp wa Jolly amafika 333 pa liwiro, amaposa onse a base 100 omwe amathera pa 328. Ukamuika Adamant chifukwa chofuna nkhonya, atsika kufika 303, ndipo Charizard wa Timid amudutsa. Pointi imodzi yokha ya liwiro imasankha amene ayambe kumenya. Ukhalenso ndi mmodzi wa Choice Scarf yowonjezera liwiro kapena wa muvu yoyamba ngati Extreme Speed, kuti wina akapanga Dragon Dance usangokhala n'kuonerera maliro.

Anthu akuuza kuti chotsa Charizard, ndipo kunena zoona akunena zoona, mu OU ya masiku ano alipo a moto omuposa. Usamange timu ndi chikondi. Ine wanga ndikadali naye, nsapato ndinamubwezera usiku womwewo ndipo sindidzamuchotsa ngakhale mundiseke.

Ukamaliza kukonza, imenye magemu makumi awiri pa ladder ya Showdown, pomwe umakumana ndi anthu osawadziwa, ndi dzina lina lomwe anthu a muno salidziwa, uzimitse zithunzi zoyenda ndi mawu kuti bandulo isathe msanga, ndipo magemu omwe wagonja uziwaoneranso, makamaka maulendo atatu oyamba. Zikavutabe ndiponyere kuinibokosi timu yonse ndi ma Tera ake ndikuwongolereko. Mpikisano wa mwezi wamawa ndalembetsa kale.