Waya wafuka utsi pa batire, chonsecho ketulo ndi yomweyo

FUNSO

Ndili ndi kamalo kometera tsitsi pafupi ndi doko la asodzi ku Senga Bay, ndipo ndimatchajanso mafoni. Magetsi anga ndi a sola: batire ya 12V, 100Ah, ndi invata (chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) yolembedwa 3000W. Tsiku lina ndinalumikiza ketulo ya 2000W kuti ndiwiritse madzi a tiyi, posakhalitsa waya wochoka ku batire kupita ku invata anayamba kufuka utsi. Wayayo ndi wa 2.5mm, uja amaika m'makoma a nyumba, wotalika mita imodzi ndi theka. Ketulo yomweyi imawira bwinobwino kwa akulu anga ku Kamuzu Road pa magetsi a ESCOM. Kodi anandigulitsa invata yachinyengo?

Wometa tsitsi, Senga Bay, Salima

YANKHO

Achimwene, invata musaiweruze msanga. Koma wayayo chotsani lero lomwe. Pulasitiki yake ikapsa, mawaya awiriwo akangokhudzana pafupi ndi batire, malo anuwo ayaka moto.

Tsopano tengani cholembera. Pali manambala anayi: ma volts (V), amene amakankha magetsi, ma amps (I), kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu waya, ma ohms (R), kulimba kwa njira imene magetsiwo akudutsa, ndi ma watts (P), mphamvu imene chipangizo chikudya. Mukadziwa awiri, enawo mumawapeza ndi masamu. Ma watts ndi ma volts kuchulukitsa ndi ma amps: P = V × I. Ma ohms ndi ma volts kugawa ndi ma amps: R = V ÷ I. Lamulo lachiwirili analisindikiza mu 1827 mphunzitsi wa ku Germany, Georg Ohm, ndipo dzina la ma ohms linachokera kwa iye.

Tiyambe ku Kamuzu Road. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu ndi 230V. Ketulo ya 2000W ikukoka 2000 ÷ 230, omwe ndi ma amps 8.7. Chitsulo chotenthetsa madzi cha m'ketulomo ndiye kuti chili ndi 230 ÷ 8.7, pafupifupi ma ohms 26. Waya wa 2.5mm ma amps 8.7 sawamva n'komwe. Fyuzi ya 13A imene ili mu pulagi ya mano atatu imalola 13 × 230, kutanthauza 2990W, ndiye nayonso ilibe chifukwa chodukira.

Bwerani nayo kwanu. Invata ikutulutsabe 230V ndipo ketulo ikufunabe 2000W yake, koma mphamvu yonseyo ikuchokera ku batire ya 12V. Werengani: 2000 ÷ 12 ndi ma amps 167. Invata nayo imadyako pang'ono, choncho nambala yeniyeni imaposa pamenepa. Zili ngati kulipira ngongole imodzi ndi ma K100 m'malo mwa ma K2,000: ndalama ndi yomweyo, koma mapepala achuluka kamakumi awiri, ndipo thumba la malaya silingawanyamule.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikufuna mupamvetse bwino chifukwa ndi pamene ambiri a sola amapsera. Waya nayenso ali ndi ma ohms ake, ochepa kwambiri. Wanuyo, kupita ndi kubwera, ndi mamita atatu a kopa, pafupifupi 0.02 ohms. Kutentha kumene kumabadwa mu waya timakupeza pochulukitsa ma amps kawiri: P = I × I × R. Pa ma amps 8.7, ndi 8.7 × 8.7 × 0.02, imene ndi 1.5W basi, simungaimve ngakhale mutagwira. Pa ma amps 167, ndi 167 × 167 × 0.02, pafupifupi 558W. Kawaya kanuko kanasanduka mbaula. Onani kuti ma amps anachuluka ka 19, koma kutentha kunachuluka kupitirira ka 360. N'chifukwa chake magetsi opangidwa pa malo a sola a 60MW kwanu ku Salima komweko amawakweza kufika ma volts masauzande ambiri asanawatumize kutali: ma volts akakwera, ma amps amatsika, ndipo mawaya sataya mphamvu yambiri.

Ngakhale mutagula waya wonenepa, ine ketuloyo sindingakulangizeni kuibwezera pa batire imeneyi. Batire ya 12V, 100Ah imasunga 12 × 100, kapena kuti 1200Wh, pongopitirira yuniti imodzi ya pa mita. Ngati ndi ya mtovu ndi asidi, simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, ndiye zanu zenizeni ndi 600Wh. Ketulo ingamalize zimenezi m'mphindi 18, ndipo kukoka kwamphamvu chotere kumafupikitsa moyo wa batire. Chaja ya foni ya 10W ingagwire maola 60 pa mphamvu yomweyo. Batireyo ndi imene ikukudyetsani. Tiyi wiritsani pa mbaula.

Pakati pa batire ndi invata ikani waya wonenepa wofanana ndi wa batire ya galimoto, wamfupi mmene mungathere, ndipo mumange ma terminal molimba, chifukwa polumikiza pogwedera pamawonjezera ma ohms n'kumatentha. Ikaninso fyuzi pa waya wa pozitivu, pafupi kwambiri ndi batire, yogwirizana ndi kukula kwa wayayo. Chipangizo chilichonse musanachilumikize, werengani ma watts olembedwa kunsi kwake n'kugawa ndi 12.

Ngati mukufuna kutsimikiza kuti ketulo sinawonongeke, bwerekani multimeter (kamita koyezera magetsi), ikani pa chizindikiro cha ma ohms, Ω, zulani ketuloyo pa soketi, yatsani switchi yake, ndipo khudzitsani mawaya a mitayo pa mano awiri ofanana a pulagi. Ikawerenga pafupi ndi 26, ili bwino. Koma ma amps a ku batire musawayeze ndi mita yaing'onoyo, chifukwa yambiri imalekeza pa 10A. Ntchito imeneyo imafuna clamp meter (mita yopanira pa waya) yotha kuyeza DC, mtundu wa magetsi a batire.