Yankho kwa achimwene amene afunsa za Rovers ya ku Hull

Achimwene, mwafunsa kuti chavuta nchiyani kuntchito kwanu ku Hull, mzinda wa ku England, poti amuna akuluakulu, ena aimvi zawo, akangoyamba kukamba za Rovers ndi chaka cha 2025 misozi imalengeza m'maso, chonsecho mpira wake ndi uja wooneka ngati dzira umene inu simuutsata. Ndaona ena akuyankhani kale kuti ndi rugby basi, musataye nayo nthawi. Ine ndiloleni nditalikitseko, chifukwa ndakhala kum'mawa kwa mzinda umenewu zaka zingapo ndipo timu imeneyi inandilowa m'magazi.

Choyamba, musausokoneze ndi rugby ija amasewera ma Springboks ku South Africa. Ijayo ndi rugby union, ya anthu 15 mbali iliyonse. Uwu ndi rugby league, wa anthu 13. Unabadwa mu 1895, pamene matimu a kumpoto kwa England anakumana ku Huddersfield nkupatuka, chifukwa osewera awo anali anthu a m'migodi ndi m'mafakitale amene ankafuna kubwezeredwa ndalama za tsiku lomwe ajomba kuntchito kuti akasewere. Mpaka lero ndi masewera a anthu ogwira ntchito zamanja. Malamulo ake si ovuta. Timu imene ili ndi mpira imaloledwa kugwetsedwa kasanu ndi kamodzi, kenako mpira umapita kwa anzawo, nchifukwa chake akagwetsedwa kachisanu amaumenya ndi phazi. Kukhazika mpira kuseri kwa mzere, imene amati try, ndi mapointi 4. Kumenya pakati pa mitengo pambuyo pa try ndi 2, penate ndi 2, ndipo drop goal, kumenya mpira wonjanjitsa pansi kuti udutse pakati pa mitengo masewera ali mkati, ndi 1. Ka 1 kameneka kasungeni m'mutu, mukaona zimene kanachita.

Hull inagawidwa ndi mtsinje. Kumadzulo ndi kwa Hull FC, yakuda ndi yoyera. Kum'mawa ndi kwa Hull Kingston Rovers, yofiira ndi yoyera, imene amaitchanso Hull KR kapena ma Robins, ndipo bwalo lake ndi Craven Park. Ganizirani Bullets ndi Wanderers ku Blantyre, mmene nyumba imodzi imagawanikira likafika tsiku la derby. Ndiye musanayambe kuyamikira mbali ina kuntchitoko, yambani mwafunsa munthu kuti kwawo ndi tsidya liti.

Tsono za misoziyo. Simungaimvetse mutangoona zikho zitatu zimene Rovers inatenga mu 2025. Muyenera kudziwa zimene anthuwa anadutsamo. Rovers inali timu yoopsa kale. Mu 1980 inagonjetsa Hull FC 10-5 ku Wembley m'ndime yomaliza ya Challenge Cup, chikho cha chipulula, ndipo akuluakulu amachita kutchula manambala amenewo ngati tsiku lobadwa la mwana. Mu 1985 inatenga ligi. Kuchokera pamenepo kunangoti zii, zaka 40 popanda chikho chachikulu. Munthu anabadwa, nkukwatira, ana ake nkukula, asanaonepo timu yake itanyamula kanthu.

Chilalacho chikanakhala cha phee bwenzi zili bwinoko, koma ankafika pakhomo penipeni chitseko nkuwatsekekera. Mu 2015 anafika ku Wembley, Leeds Rhinos nkuwakwapula 50-0 dziko lonse likuonera. Chaka chotsatira ndiye kunagwa zimene mdala wina amene ndinkagwira naye ntchito sankatha kuzifotokoza mpaka kumapeto osaima kaye. Anali masewera othawa kutuluka mu ligi, ndi Salford, pa Craven Park pomwe. Rovers inkatsogola 18-10 kutatsala mphindi ziwiri zokha, anthu atayamba kale kuimba. Salford inapeza ma try awiri m'kanthawi kameneko, zinthu nkukhala 18-18. M'nthawi yoonjezera Gareth O'Brien anamenya drop goal ali pafupi ndi pakati pa bwalo. 19-18, Rovers yatuluka mu Super League, ligi yaikulu ya masewerawa. Mdalayo ankati anakhala pampando bwalo lonse litatsala lokha, mpaka alonda anachita kumupempha kuti adzuke.

Anabwerera mu ligi patatha chaka chimodzi, koma mu 2020 anamaliza ali kumchira. Zinayamba kusintha atabwera mphunzitsi wa ku Australia, Willie Peters, mu 2023. Chaka chomwecho anafikanso ku Wembley, analepherana ndi Leigh 16-16, ndipo Lachlan Lam anawapha ndi drop goal ina, 17-16. Ka pointi kamodzi kajanso. Mu 2024 anafika kwa nthawi yoyamba mu Grand Final, masewera omaliza opezera katswiri wa ligi, ku Old Trafford, Wigan nkuwagonjetsa 9-2 ndi try imodzi yokha ya Bevan French. Usiku umenewo ndinaonera kunyumba kwa neba, ndipo masewera atatha mayi a m'nyumbamo anangozimitsa TV nkukateleka tiyi osalankhula ndi aliyense.

Apa mpamene ine ndimaipatsira ulemu kalabuyi. Kwathu timu ikagonja kawiri m'ndime yomaliza, mphunzitsi ndiye amayamba kulongedza katundu, osewera theka nkuthamangitsidwa. Rovers sinatero. Inasunga Peters, inasunga kaputeni Elliot Minchella, inasunga Mikey Lewis, mnyamata wa mu Hull momwemo amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu ligi mu 2024. Inangoonjezera anthu ochepa odziwa kupambana, makamaka Jared Waerea-Hargreaves wa ku New Zealand, chimunthu cha kutsogolo chimene chinatenga ligi ya ku Australia katatu ndi Sydney Roosters. Anabwera ali ndi zaka 36, ambiri nkumati wadzadyera ndalama za ukalamba. Ine zimene ndinkaona nzakuti iye akakhala m'bwalo anyamata anzake sankanjenjemera.

Anzanu akuntchito akakuuzani kuti tsiku lalikulu linali la Old Trafford, ine ndiwatsutsa. Chaka chonsecho chinatembenukira ku Wembley pa 7 June, m'ndime yomaliza ya Challenge Cup ndi Warrington Wolves. Popita kumeneko anali atachotsa Hull FC pa bwalo lake lomwe, kenako Catalans Dragons ya ku France. Tsikulo kunagwa mvula, mpira unkaterera, ndipo kunena zoona Rovers sinasewere bwino. Marc Sneyd wa Warrington ankamenya mpira mwanzeru kwambiri, kuwakankhira ma Robins kumbuyo mobwerezabwereza, moti ndi iye anapatsidwa mphotho ya wosewera bwino ngakhale timu yake inagonja. Popita kokapuma Warrington inkatsogola 6-2, ndipo zinakhala choncho mpaka kutatsala mphindi pafupifupi zitatu. Mmene ndinkaonera munali anthu ambiri koma munalibe wotsokomola. Aliyense ankaona 2023 ikubwerera.

Kenako Tyrone May anakankha mpira chapansipansi kulowera pakona. Wa Warrington anaugwera koma sanaugwire bwino, Tom Davies nkufika kuukhudza ndi dzanja usanatuluke. Woimbira anapempha anzake a pa kanema kuti aunike, ndipo anaubwereza kangapo ife mitima ili m'mwamba. Atavomereza zinali 6-6, ndipo zonse zinatsalira Mikey Lewis, kuti amenye ali cham'mbali, mpira wonyowa, anthu a mzinda wake onse akumuyang'ana. Unadutsa pakati pa mitengo. 8-6. Neba wanga uja, bambo woti sindinamumvepo akukweza mawu, anagwada pakapeti nkumaitana dzina la malemu bambo ake, amene anamutengera ku bwalo ali mwana. Misozi mukuiona kuntchitoyo ndi imeneyo. Ambiri akulirira anthu amene anadikira nawo limodzi koma sanafike tsikulo.

Za ligi ndingodutsamo msanga. Matimu anali 12, masewera 27, ndipo Rovers inapambana 22. Sikuti zonse zinali myaa: Leeds inawagonjetsa kawiri, Wakefield nayo inawadzidzimutsa kumapeto, moti Wigan inali pamsana penipeni mpaka sabata yomaliza. Koma anamaliza ali pamwamba nkulandira League Leaders' Shield koyamba m'mbiri yawo. Chimene chimasokoneza ife ozolowera mpira wamiyendo nchakuti kuno kumaliza pamwamba sikukupanga kukhala akatswiri. Matimu asanu ndi imodzi apamwamba amalowa m'chipulula, ndipo katswiri ndi amene wapambana Grand Final. Ine dongosolo limeneli sindimalikonda kwenikweni, chifukwa thukuta la miyezi isanu ndi iwiri limatha kutayika usiku umodzi, koma ndi mmene zilili. Rovers inachotsa St Helens pa Craven Park nkukakumananso ndi Wigan ku Old Trafford pa 11 October.

Kumayambiriro Wigan ikanatha kuwamaliza. Inaboola kawiri konse koma mpira nkupulumuka m'manja mzere uli pafupi. Timu ya chaka chinacho ikanasweka mtima pamenepo. Iyi inangopirira, ngati anthu oti anaona kale zoopsa ku Wembley nkutulukamo amoyo. Brad O'Neill wa Wigan atatulutsidwa kwa mphindi 10 chifukwa chogwetsa mnzake moopsa, Lewis anadutsa yekha nkupeza try, Joe Burgess nkuonjezera ina pakona. Burgess ameneyu kwawo ndi ku Wigan komweko ndipo anayambira ku timu yomweyo. Harry Smith anabweza imodzi m'chigawo chachiwiri, mantha nkubwereranso pang'ono, koma Jez Litten, mwana winanso wa mu Hull, anapeza yake, Burgess nkutseka ndi yachiwiri atalanda mpira wa adani. Zinatha 24-6. Chiyambireni Super League mu 1996, chikhocho chinkangozungulira matimu anayi okha: Wigan, St Helens, Leeds ndi Bradford. Rovers inakhala yachisanu. Waerea-Hargreaves anasiyira mpira usiku womwewo, chikho chili m'manja.

Pali chinanso chimene ndikufuna mudziwe ngati munthu wakuda wokhala mu mzinda umenewu. Msewu waukulu uja mumadutsa polowa mu Hull kuchokera kumadzulo, Clive Sullivan Way, unatchulidwa dzina la wosewera rugby league wachikuda wa ku Wales. Anasewera matimu onse awiri, anali m'gulu la Rovers la 1980 lija, ndipo mu 1972 anali kaputeni wa Great Britain imene inatenga chikho cha dziko lonse lapansi, munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya dziko la Britain. Atamwalira mu 1985 mbali zonse ziwiri za mtsinje zinalira limodzi. Ine nditadziwa zimenezi ndi pamene ndinalimba mtima kukagula tikiti yoyamba, ndipo amene ndinakhala nawo pafupi tsikulo anathera masewera onse akundilongosolera malamulo ngati mwana wawo.

Ndiye mawa mukafika kuntchito, musawafunse za zikho zitatu, zimenezo akuuzani okha. Afunseni kuti anali kuti pamene Lewis ankamenya mpira uja ku Wembley, ndipo mukhale ndi nthawi yomvetsera chifukwa tiyi adzazirala. Ligi imayamba mu February, ndipo ku Craven Park mphepo imachokera kunyanja, choncho jekete lanu likhale lochindikala, makamaka lofiira ngati muli nalo. Mukafuna woperekeza, ndilembereni ku inbox tidzapitire limodzi.