Sikirini ili phee: kodi ndiye kuti zonse zili bwino?

Funso: Achimwene, ndimalemba mapulogalamu. Pulogalamu yathu imatumiza malipoti a momwe ikuyendera ku seva ina yomwe imationetsa zonse pa sikirini. Sabata yatha tinadzidzimuka kuona kuti kwa masiku atatu palibe lipoti lomwe linafika, chonsecho pulogalamu sinadandaule n'kamodzi komwe. Ndingadziwe bwanji msanga kuti kutumiza kwakanika?

Wowerenga wanu

Yankho: Pepani achimwene, inenso zinandigwerapo. Kiyi yathu yotiloleza kutumiza malipoti ku seva inatha ntchito, seva n'kumabweza nambala 401, yosonyeza kuti yatikana, usiku wonse, ine ndikuyang'ana mzere wosalala pa sikirini n'kumati kulibe vuto. Zinandipweteka, chifukwa usiku womwewo anthu ankalephera kulowa mu pulogalamu yathu.

Kukhala chete kumeneku n'kwadala. Zida zotumizira malipoti ngati OpenTelemetry anazipanga kuti zisagwetse pulogalamu yanu chifukwa cha malipoti chabe. Malipoti amayamba adikira pamzere, kawirikawiri wokwana malipoti 2048, n'kumatumizidwa m'magulu. Mzere ukadzaza, atsopano amangotayidwa. Chidacho chimalemba dandaulo lake mu log yakeyake (kaundula wa zomwe zikuchitika), yomwe ambirife sitiiwerenga. Yambirani pamenepo: itsegulani, muone zomwe seva ikuyankha. 401 kapena 403 ndi nkhani ya kiyi, ndipo kutumizanso sikungathandize. 429 ndi 503 akutanthauza kuti dikirani kaye, mudzayesenso. Ngakhale 200, amene amatanthauza kuti zayenda bwino, musamukhulupirire kwambiri, pakuti seva imatha kulandira ena n'kukana ena, chiwerengero cha okanidwawo n'kuchilemba m'kati mwa yankho. Ngati mukutumiza ndi chida cha StatsD kudzera pa UDP, njira yotumizira uthenga osadikira chitsimikizo, palibiretu yankho lomwe lidzabwere.

Koma chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi. Musadikire kuti pulogalamu idzakuuzeni kuti yalephera kulankhula. Njira yomwe ingadzakuuzireni ndi yomweyo yaduka. Ikonzeni izitumiza kauthenga koti "ndilipo" mphindi iliyonse, kudzera njira yomwe malipoti onse amadutsa. Kenako mbali yolandira ikhale ndi alamu yolira kauthengako kakasowa kwa mphindi zisanu. Mu Prometheus, pulogalamu yosonkhanitsa ndi kuyang'anira malipoti, muli lamulo la absent() la ntchito imeneyi. Ine ndimawonjezera mlonda wachiwiri pa seva yapadera, woti aziyang'anira woyambayo, chifukwa nayenso amatha kugona.

China chaching'ono: pulogalamu ikamazima, iziyamba yatumiza zotsala pamzere. Malipoti a mphindi yomaliza ndi omwe mudzawafune kwambiri.

Mukamaliza zonsezi, yesani. Tsekani dala poti (khomo la pa netiweki) 4317 kapena 4318, yomwe OTLP, njira yotumizira malipoti ya OpenTelemetry, imadutsira, muyang'ane wotchi. Ine ulendo woyamba foni sinalire, chifukwa alamu inkapita ku imelo yomwe tinasiya kalekale kutsegula. Nditakonza, inalira patatha mphindi zisanu ndi imodzi. Chitani zimenezi masana, anzanu onse alipo, ndipo muzibwereza mukasintha kiyi kapena adiresi ya seva.