Kodi a Walker onsewa ndi pachibale?

Mphunzitsi wina wa sekondale wanditumizira imelo. Akuti akamawerenga mbiri ya anthu akuda a ku America akumangokumana ndi dzina la Walker: David, Wyatt, Margaret, Alice. Ndiye akufunsa ngati onsewa ndi a banja limodzi.

Ayi aphunzitsi, palibe chibale. Kuno a Phiri awiri akakumana amayamba kufunsana za kumudzi, koma kumeneko dzina la munthu wakuda nthawi zambiri limaloza kwa mzungu yemwe ankasunga makolo ake ngati akapolo, kapena ndi dzina lomwe agogo anadzisankhira ukapolo utathetsedwa mu 1865. N'chifukwa chake Malcolm X, womenyera ufulu wa anthu akuda, anataya dzina la makolo ake la Little.

David Walker ndiye wakale pa onsewa. Ankagulitsa zovala za kaunjika ku Boston, ndipo mu 1829 anatulutsa kabuku kouza akapolo kuti asadikire chifundo cha mabwana awo, adzuke okha. Ogwira ntchito m'sitima zapamadzi ankakazembetsera kumwera. Eni akapolo anachita mantha mpaka boma la Georgia linaika lamulo loletsa kuphunzitsa anthu akuda kuwerenga ndi kulemba. Iye anamwalira mu 1830.

Wyatt Tee Walker anali m'busa, dzanja lamanja la Martin Luther King, ndipo ndi mmodzi wa anthu omwe anakonza zionetsero za ku Birmingham mu 1963.

Amene amasokoneza anthu kwambiri ndi azimayi awiri olemba mabukuwa, Margaret ndi Alice, ndipo sindingakudabweni. Margaret anabadwa mu 1915 ku Alabama, Alice mu 1944 ku Georgia. Onse anakhalapo mu mzinda wa Jackson ku Mississippi, onse anaphunzitsapo pa koleji ya Jackson State. Mukanawaona pamodzi mukanati mayi ndi mwana wake. Alice anafika kumeneko ali wachitsikana, atakwatiwa ndi loya wachizungu womenyera ufulu wa anthu akuda, pa nthawi imene banja lotere linkaopsezedwa m'boma limenelo. Mu 1983 anakhala mayi wakuda woyamba kulandira mphoto ya Pulitzer pa nkhani zopeka, chifukwa cha buku lake la The Color Purple.

Kwa ana anu a sukuluwo, ine ndingayambe ndi Margaret, ngakhale satchuka ngati mnzakeyo. Buku lake la Jubilee, la mu 1966, linachokera pa nkhani zomwe agogo ake aakazi ankamukambira za mayi awo amene anakulira mu ukapolo.