Kukonzekera Kafukufuku wa Anyani m'Nkhalango

Funso: Ndine wophunzira kuno ku Johannesburg, ndipo ndikukonzekera kukachita kafukufuku wa anyani a mtundu wa chimpanzi ku nkhalango ya Kibale, m'dziko la Uganda. Kodi ndiyambire pati?

Yankho: Yambani ndi zilolezo za Uganda Wildlife Authority, bungwe loona za nyama zakutchire, ndi za UNCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku, chifukwa makalata otere satuluka msanga. Mubayitsenso katemera wa yellow fever masiku osachepera 10 musananyamuke, popeza chiphaso chake chimafunika pobwerera ku South Africa, ndipo mukatenge mankhwala oteteza ku malungo. Chimene ambiri amachipeputsa n'chakuti chimfine cha munthu chimatha kupha anyaniwa, choncho muzivala masiki, muziima pa mtunda wa mamita osachepera 7, ndipo tsiku limene mwadwala musalowe m'nkhalango.