Kwa mphwanga wa ku Ulongue amene akufuna ntchito ya makina a CNC

Mphwanga, funso lako ndaliona. Wati wamaliza kalasi 12, wamva kuti ku Moatize amafuna anthu oyendetsa makina a CNC (makina osema zitsulo olamulidwa ndi kompyuta), ndiye ukufunsa ngati ulipire kaye kozi kapena ungotsikira ku Tete kukasaka ntchito. Tsika ndithu, koma pageti usakatchule CNC. Ukapemphe malo a ajudante mu oficina yomwe ili ndi torno (makina osema chitsulo chikuzungulira) yoyendetsa pamanja, ngakhale ikhale yakalekale.

Ntchito zambiri za zitsulo kuno zimachokera ku migodi ya malasha. Vale inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, mgodiwo unapita m'manja mwa Vulcan mu 2022, ku Benga kuli ICVL, ku Chirodzi kuli Jindal. Zimagalimoto ndi ma escavadora a kumeneko amadya mapini, ma bucha ndi ma veio (mashafuti) usiku ndi usana. Nthawi zambiri chimene chimafika ku oficina n'chitsulo chimodzi choperepeseka, chodzaza girizi, mwina chopanda ndi chojambula chomwe, mwini wake akuti mawa makina adzuke. Kuti useme chinzake uyenera kudziwa kuyeza, kuzindikira mtundu wa chitsulo, ndi kumva ndi khutu pamene mpeni wayamba kulira molakwika. Zimenezi zimalowa m'manja pa torno yapamanja. CNC imangotsata manambala amene waipatsa, ngakhale olakwika, ndipo imawatsata mothamanga.

Pa kuyezapo ndiye pagona ntchito. Chojambula chikati bowo ndi 40 H7, ndiye kuti lisachepere mamilimita 40 enieni komanso lisapitirire pamenepo ndi mamilimita oposa 0,025. Mpata umenewo ndi wochepa kuposa tsitsi limodzi la m'mutu mwako. Paquímetro, choyezera wamba cha zitsulo, pamenepo siikwanira, pamafunika micrómetro, yomwe imayeza mosamalitsa kwambiri. Ndiye pali kutentha kwa ku Tete, kumene m'mwezi wa Okutobala kumadutsa madigiri 40. Chitsulo chikangochoka pa mpeni chimakhala chotentha ndi chofufuma. Ukachiyeza pomwepo chikunamiza, chikazizira upeza chachepa, veio ikungolowa mu bearing ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake. Mestre wabwino amachisiya kaye chizizire, amapukuta micrómetro, n'kuyeza kawiri. Uzimuyang'anitsitsa manja, chifukwa ambiri a iwo salongosola ndi pakamwa.

Za sukulu, funsa ku IFPELAC (bungwe la boma lophunzitsa ntchito zamanja) ku Tete ndi kwa a Dom Bosco ku Matundo kuti ali ndi kozi yanji ya mecânica chaka chino. Kulikonse kumene ungapite, usanatulutse metikali ngakhale imodzi, pempha akuonetse makina akuzungulira ndi ophunzira ataima pamenepo, ufunsenso ngati amatumiza anthu ku estágio. Satifiketi ya CNC yophunzirira pa bolodi pokha, ine sindingaiwonongere ndalama za mbatata za amayi.

Ukadzafika pa CNC yeniyeni, miyezi yoyamba usayembekezere kulemba pulogalamu. Uzidzamanga chitsulo pa chuck (chopanira chimene chimagwira chitsulo pozungulira), kuchotsa limalha (zinyenyeswa za chitsulo), kuthira madzi oziziritsa mpeni, kupala m'mbali mwakuthwa ndi kuyeza. Madzulo uziwerenga G-code, chilankhulo cholembera pulogalamu ya makinawa, pa foni. Yambira pa G00, yothamangitsa mpeni osadula, G01 yodula molunjika, G54 youza makina pamene chitsulo chayambira, ndi M03 yozunguza. Dziwa ngati makinawo ndi a Fanuc kapena a Siemens, poti mabatani ake amasiyana. Pulogalamu yatsopano iziyenda mzere umodzi umodzi pa single block, liwiro utalitsitsa, chala chili pa feed hold, batani loimitsa mpeni. Mpeni ukagunda chuck chifukwa cha offset (muyeso wouza makina pamene mpeni kapena chitsulo chili) yolakwika, phokoso lake amalimva ndi a ku ofesi, ndipo funso loyamba limakhala loti anali pa makina ndani.

Chingerezi chimene anzathu a m'malire mumatola ku Dedza usachipeputse. Zojambula zambiri zimabwera m'Chipwitikizi, koma sikirini ndi mabuku a makina kawirikawiri zimakhala m'Chingerezi.

Pa torno yozungulira usavale magolovesi kapena malaya a manja olendewera. Limalha uzikoka ndi ngowe, chifukwa imacheka ngati lezala ndipo imatuluka yotentha mpaka kusanduka yabuluu. Kiyi wa chuck asatsale pa chuck ngakhale kamphindi. Magalasi a m'maso ndi nsapato zachitsulo kutsogolo ayenera kukupatsa ndi abwana.

Nyamula BI, NUIT ndi makope a masatifiketi. Akakulemba, pempha kontalakiti yolembedwa ndipo uonetsetse kuti INSS ikulipidwa: kwa iwe amadula 3 peresenti, kampani imaonjeza 4. Wina akakuuza kuti umupatse kangachepe kuti dzina lako lilowe ku mgodi, musiye. Yamba ndi ma oficina ang'onoang'ono a ku Matundo ndi a m'mbali mwa msewu wopita ku Moatize, upite m'mamawa dzuwa lisanakwiye, upemphe kuonana ndi chefe wa oficina osati mlonda yekha. Ngati ndalama ilipo, gula paquímetro yakoyako, uziyesera kuyeza mabawuti a njinga kunyumba usanakwere chapa.